Foni yakutha isapite kudzala: zoyenera kuchita nayo muno mu Mzuzu

M'nyumba zambiri ku Chibavi, Zolozolo, Katawa ngakhalenso ku Luwinga muli mafoni awiri kapena atatu amene anagona m'dilowa kalekale. Ina inasweka sikirini, ina inanyowa ndi mvula, ina inangosiya kutchaja. Mapeto ake timawadziwa: mwana aitenga kukaseweretsa, kapena tsiku losesa m'nyumba ipita kudzala n'kuotchedwa pamodzi ndi zinyalala, apo ayi iponyedwa m'chimbudzi. Chonsecho mkati mwake mukadali manambala a anthu, zithunzi, mauthenga a ndalama, batire loti likhoza kuyaka, komanso ziwalo zimene mmisiri wina akuzisaka lero lomwe.

Ntchito yake ili ndi dongosolo, ndipo dongosololo musalisinthanitse. Muyambe ndi kutsimikiza kuti foniyo yafadi, kenako muchotse zanu zonse, musamale batire, ndipo pomaliza muone koipereka. Amene amayamba ndi kugulitsa ndi amene amadzabwerera kumsika mawa lake akufuna memore khadi yomwe yapita kale ndi munthu wosadziwika.

Choyamba: kodi yafadi?

Mafoni ambiri amene eni ake amati anafa amakhala ndi vuto laling'ono. Tengani tchaja ina ndi chingwe china zomwe mukudziwa kuti zikugwira, muiike pamagetsi mphindi 30 osaigwira. Batire likaphwa kotheratu foni siionetsa kanthu m'mphindi zoyambirira, ndiye anthu amafulumira kutaya mtima. Ikapanda kuyankha, unikani ndi tochi pakabowo kotchajira. Kawirikawiri mumadzaza fumbi ndi ulusi wa m'thumba mpaka chingwe osafika kumapeto. Tokosani ndi kamtengo kotokosera m'mano foni ili yozima. Singano kapena pini ayi, chifukwa chitsulo chimagunditsa timawaya ta mkati n'kuotcha bodi, kaja kathabwa ka zamagetsi kamene kamayendetsa foni yonse.

Kenako dinikizani batani loyatsira pamodzi ndi lochepetsera mawu kwa masekondi 15 mpaka 20 kuti muikakamize kuyakanso. Ngati sikirini ili bii, iimbireni ndi foni ina. Ikalira kapena kunjenjemera, yafa ndi sikirini yokha, bodi ili moyo. Kafoni ka mabatani n'kosavuta: bwerekani batire la mnzanu la mtundu womwewo, monga BL-5C lomwe limalowa m'mafoni ambiri ang'onoang'ono, muone ngati kayaka.

Kuno mvula ndi chinyezi sizisowa, choncho mafoni onyowa ndi ambiri. Foni ikanyowa izimitseni pompo ndipo musaitchaje. Mpunga suthandiza kwenikweni, ndipo kuiumika pambaula kumaononga batire. Chimene chimapha foni yonyowa ndi dzimbiri lobiriwira lomwe limamera pabodi madzi akakumana ndi magetsi. Mmisiri akaitsegula tsiku lomwelo kapena mawa lake n'kutsuka bodi ndi sipiriti wa isopropyl ndi kaburashi, nthawi zambiri imadzuka. Ikakhala mwezi m'dilowa mwayi umachepa kwambiri.

Ife timati mtengo wokonzetsa ukakhala pansi pa theka la mtengo wa foni yogwiritsidwapo kale ntchito ya mtundu womwewo, konzetsani. Foni yoti ikugwira, ngakhale yochedwa, ikhoza kuthandiza agogo kumudzi kulandirira ndalama, kapena kukhala wailesi ndi tochi ya pakhomo. Kuiphwasula kubwere zina zonse zikakanika.

Chachiwiri: chotsani zanu zonse

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Yambani ndi manambala. Pa foni ya Android lowani mu Settings, mupeze akaunti ya Google, muonetsetse kuti Contacts yayatsidwa kuti manambala akwere pa intaneti. Ngati bando palibe, tsegulani Contacts, musankhe Export, foni ipanga kafayilo kothera ndi .vcf komwe mungatumize pa Bluetooth ku foni yatsopano. Kukopera manambala pa simu khadi kumagwira, koma simu imasunga maina pafupifupi 250 okha, dzina lililonse nambala imodzi, ndipo maina aatali imawadula.

Zithunzi ndi mavidiyo muzisamutsire pa memore khadi, pa kompyuta kapena pa foni ina. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, koma kukweza zonsezo pa intaneti kumadya bando yambiri, choncho chingwe kapena memore khadi ndiye njira yotchipa. Za WhatsApp, lowani mu Settings, Chats, kenako Chat backup, mudikire mpaka imalize. Musafufute kanthu pa foni yakale musanatsegule yatsopano n'kuona ndi maso anu kuti macheza, zithunzi ndi manambala zafikadi.

Ndalama za Airtel Money ndi TNM Mpamba sizikhala m'foni, zimakhala pa nambala yanu. Simu mukaisamutsa, *211# kapena *444# igwira monga kale. Choopsa ndi zimene zimatsalira m'foni: mauthenga oonetsa ndalama zotsala ndi anthu amene mumawatumizira, mapulogalamu a banki, komanso nambala zachinsinsi zomwe ena amasunga mu Contacts pa dzina lonamizira. Wakuba akapeza zimenezi amadziwa woti amuimbire ndi bodza loti anene. Tulukani m'mapulogalamu onse a banki, Facebook ndi imelo.

Ngati simu yakaleyo simuifunanso, musangoisiya. Inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, ndiye chilichonse chimene munthu angachite nayo chidzalondola kwa inu. Tapani ndalama zonse, musinthe nambala ku banki ndi pa WhatsApp, kenako mudule simuyo ndi sizasi podutsa pakachitsulo kagolide. Kumbukirani kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo mauthenga a banki yanu akhoza kumakafikira kwa iyeyo.

Tsopano sitepe imene ambiri amaidumpha. Musanafomate, kutanthauza kufufuta zonse za m'foni, chotsani akaunti ya Google m'fonimo: Settings, Accounts, Google, Remove account. Kuyambira pa Android 5.1 mafoni ali ndi loko yotchedwa FRP. Foni ikafomatidwa ndi mabatani akauntiyo ikadali momwemo, poyaka imafuna imelo ndi pasiwedi ya mwini wakale, ndipo wogula amakhala ndi foni yosatseguka. Mtengo wake umagwa nthawi yomweyo, kapena amayamba kukuimbirani kuti mumuuze pasiwedi yanu. Pa iPhone n'chimodzimodzi: zimitsani Find My, mutuluke mu iCloud.

Mukatero tulutsani simu zonse ziwiri ndi memore khadi, muonetsetse kuti batire lili pamwamba pa theka kuti foni isazime pakati pa ntchito, ndiye mufomate. Pa Tecno, Itel ndi Infinix njira yake ili mu Settings, System, pomwe palembedwa Reset. Pa Samsung ili mu General management. Sankhani yofufuta zonse, osati yongobwezera masetingi. Mafoni atsopano amasunga zinthu mobisa moti akafomatidwa palibe chotolanso. Akale kwambiri, makamaka otchipa, amatha kusiya zithunzi zomwe wodziwa kompyuta angazibweze. Pa oterowo mukamaliza kufomata yatsani kamera, muilozetse kukhoma ijambule vidiyo mpaka malo adzaze, kenako mufomatenso. Vidiyo yachabeyo imalemba pamwamba pa zakale.

Kafoni ka mabatani kamapusitsa. Restore factory settings pa timafoni tambiri imangobweza kaliridwe ndi chiyankhulo, manambala ndi mauthenga n'kutsala. Fufutani pamanja Contacts, Inbox, Sent ndi mndandanda wa oimba. Kakafunsa nambala yachinsinsi yomwe simunaikepo, pa Nokia yesani 12345, pa ena 1234 kapena 0000.

Nanga foni yoti sikirini inafa? Ngati ikuonetsa koma tachi sikugwira, kachipangizo ka OTG, kolumikizira mausi pakabowo kotchajira, ndi mausi ya kompyuta zimakulolani kudina chilichonse. Ngati siikuonetsa n'komwe, pemphani mmisiri alumikize sikirini yongoyesera kwa kanthawi, inu muli pomwepo, musamutse zanu n'kufomata. Kandalama kamene mungamulipire n'kochepa poyerekeza ndi zithunzi zanu kuyenda pa WhatsApp. Foni yoti siyakanso ndi pang'ono pomwe, lowani mu akaunti ya Google pa foni ina, mupite pa Security, Your devices, muitulutse pamenepo ndipo musinthe pasiwedi. Nambala yanu ya WhatsApp mukailowetsa pa foni yatsopano, pa yakale imatuluka yokha. Ngati munali zinthu zoti zisaonedwe ndi wina aliyense, bodi yake musaigulitse yathunthu. Uzani mmisiri athyole kachipu kosunga zinthu inu mukuona.

Chachitatu: batire

Batire la foni ndi la lithium-ion. Mkati mwake muli timapepala tiwiri tamagetsi tolekanitsidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kwambiri, tonyowetsedwa ndi madzi oyaka. Kapulasitikiko kakabooka ndi msomali, kakapindika kapena kakasungunuka ndi kutentha, mbali ziwirizo zimagundana, batire limatentha lokha mofulumira n'kulavula moto ndi utsi wapoizoni. N'chifukwa chake siliyenera kulowa m'dzala loti mudzaotcha, kapena m'thumba la zinyalala lopita kumtaya komwe lingaponderezedwe ndi zinthu zolemera.

Ngati foni ikuyakabe, isiyeni ilize nyimbo kapena iyatse tochi mpaka batire litsike pansi pa 25 peresenti. Batire lophwa likachita ngozi silikhala ndi mphamvu zambiri zoyaka nazo. Lochotseka ndi dzanja litulutseni, mumate tepi yakuda ya amagetsi pa timano take tamkuwa, mizere iwiri. Selotepi imagwiranso bola ikhale yokwanira. Popanda tepi, batire likakumana ndi makiyi, ndalama zachitsulo kapena batire linzake m'dilowa limachita shoti.

Mafoni a tachi ambiri masiku ano ali ndi batire lomatidwa ndi guluu mkati. Limenelo musalikanganule ndi mpeni kapena sikuludalaivala. Amisiri amayamba afunditsa chivundikiro kuti guluu afewe, n'kumalowetsa kapulasitiki pang'onopang'ono. Ngati mulibe zida, perekani foniyo yathunthu.

Batire loonongeka limatupa ngati mandasi. Muona sikirini ikudzuka mbali imodzi kapena chivundikiro chakumbuyo chikukana kutseka. Lochotseka liikeni patebulo muliyese kulizunguza ndi chala: likazungulira mosavuta, mimba yatuluka. Chimene chatupitsa ndi mpweya wochokera m'mankhwala amene aonongeka mkati. Musalitchajenso, musalikanikize kuti libwerere, ndipo musaliboole poganiza kuti mutulutse mpweyawo. Likamatentha lokha kapena kutulutsa fungo la mankhwala, litulutseni panja msanga ndi fosholo, muliike pasimenti kapena padothi.

Posungira pake konzani chonchi. Pezani chitini chachitsulo, monga cha penti chomwe chinauma, muthire mchenga wouma masentimita 5 pansi. Mchenga wa kudambo muyambe mwauyanika padzuwa, popeza wonyowa umadyetsa dzimbiri. Yalani mabatire omata tepi osagundana, muthire mchenga wina pamwamba, ndipo mzere wina ukabwera muchite chimodzimodzi. Chivundikiro muchiboole mabowo awiri atatu kuti mpweya uzituluka. Chitinicho chikhale pasimenti, pamthunzi, kutali ndi mbaula, palafini, petulo ndi ana. Pafupi ndi denga lamalata kumatentha masana, musaikeko.

Batire likayaka, chotsani anthu kaye ndipo musapume utsiwo. Ngati lili patchaja zimitsani magetsi pakhoma, kenako thirani mchenga wambiri kapena madzi ochuluka. Batire limodzi la foni madzi a ndowa amaliziziritsa. Limatha kuyakanso patapita maola, choncho lisiyeni panja tsiku lathunthu musanaligwire.

Za chimbudzi tinenepo pang'ono. M'madera otsika monga mbali zina za Chibavi ndi Chiputula madzi a pansi ali pafupi, ndipo zitsime zina sizili patali ndi zimbudzi. Batire likaola m'dzenje, zitsulo zake monga cobalt ndi nickel zimasungunukira momwemo. Komanso opopa zimbudzi amavutika ndi zinthu zolimba zotere zomwe zimatseka mapaipi awo.

Chachinayi: kwa okonza mafoni

Malo apafupi kwambiri pomwe foni yakufa imakhalanso ndi ntchito ndi pabenchi ya mmisiri, ndipo amisiriwa ali ponseponse: pafupi ndi msika waukulu, kudepoti, ndi m'misika ya m'malokeshoni. Foni imodzi yakufa imatha kudzutsa zinzake zitatu. Sikirini yosasweka ndiyo imakhala ndi mtengo kuposa zonse. Pambuyo pake pamabwera bodi yamoyo, kabodi kotchajira, makamera, sipika, mauthipisi, chivundikiro ndi kathireyi ka simu, komwe anthu amataya tsiku ndi tsiku. Mafoni amene ali m'manja mwa anthu ambiri, monga Tecno, Itel ndi Samsung, ziwalo zake zimayenda msanga kuposa za mtundu wosowa.

Musaiphwasule nokha poganiza kuti ziwalo zapaderapadera zigulidwa bwino. Timalamba tolumikiza sikirini ndi bodi timang'ambika mosavuta, ndipo chiwalo chimene mmisiri sanachiyese pa foni yake sachikhulupirira. Pitani nayo yathunthu, munene chilungamo chimene chinachitika. Ngati inagwa m'madzi nenani, chifukwa akatsegula aona kachizindikiro koyera komwe kamasanduka kofiira kakanyowa. Funsani mabenchi atatu musanavomere mtengo. Nthawi zina kusinthanitsa kumapindula kuposa ndalama: kusiya foni yakufa kuti akuchotsereni mtengo pokonza ina.

Lembani nambala ya IMEI, yomwe ndi nambala yozindikiritsa foni iliyonse payokha, musanapereke foniyo. Imatuluka mukaimba *#06#, ndipo foni yozima ili nayo pabokosi, pansi pa batire kapena kumbuyo. Tengani lisiti ngati ilipo. Mmisiri wosamala amaopa kugula foni yakuba, ndipo akakufunsani chiphaso musakhumudwe, ndi chizindikiro chabwino. Lembani kapepala kawiri kokhala ndi tsiku, mtundu wa foni, IMEI ndi maina, aliyense asunge kake. Foni ikadzapezeka pamlandu, kapepalako kadzakuombolani. Foni yotenga pangongole, yomwe imatsekeka mukapanda kulipira, siinakhale yanu mpaka mutamaliza. Ikafa pitani nayo kwa amene anakupatsani, musaigulitse.

Funso limodzi musaiwale: "Achimwene, nanga mabatire ndi mabodi akufa mumapita nawo kuti?" Amene amasunga m'thumba kapena m'katoni kudikira ogula mabodi ndiye woyenera kumusiyira. Amene angayankhe kuti amasesera kungalande, funani wina.

Chachisanu: bodi yoti yatheratu

Mphekesera ya golide wa m'foni ndi yoona, koma muyeso wake ndi uwu: foni imodzi ya tachi ili ndi golide pafupifupi magalamu 0.03, siliva pafupifupi magalamu 0.3 ndi mkuwa magalamu angapo. Kuti mupeze galamu imodzi ya golide pafunika mafoni oposa 30, ndipo apo n'kuti ntchitoyo yachitikira m'fakitale yokhala ndi ng'anjo ndi zosefera utsi, monga ya Umicore ku Hoboken m'dziko la Belgium. Mavidiyo a pa intaneti oonetsa anthu akusungunula mabodi ndi asidi m'botolo sakuuzani za nthunzi yotentha mapapo, kapena koti mukataye madzi apoizoni otsalawo. Kuotcha nakonso n'koipa. Pulasitiki ya mabodi ndi zingwe ikapsa imatulutsa utsi wa poizoni wotchedwa dioxin, ndipo mafoni akale anaotcheredwa ndi mtovu womwe umatsala m'phulusa. Mvula ikagwa phulusalo limatsikira kudambo komwe kuli madimba a ndiwo zamasamba, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana aang'ono.

Lipoti la United Nations la 2024 linaonetsa kuti mu 2022 dziko lonse linataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso mwadongosolo zinali 22.3 peresenti. Mu Africa sizinafike ngakhale 1 peresenti. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti palibe amene angayende ulendo kudzatenga foni imodzi. Mabodi amagulidwa pasikelo, ndipo kilogalamu imodzi imafuna mafoni makumi angapo.

Choncho sonkhanitsani pamodzi. Mpingo, sukulu, banki m'khonde kapena ofesi ikhoza kukhala ndi katoni imodzi ya mafoni, chitini chamchenga cha mabatire ndi thumba la zingwe. Pakhale munthu mmodzi wosunga kope lolembamo tsiku, dzina la wobweretsa, mtundu wa foni ndi IMEI, ndipo asalandire foni imene mwini wake sanachotsemo simu ndi memore khadi. Katoniyo ikhale pouma, yokwezedwa pa thabwa, chifukwa simenti ya kuno imatuluka chinyezi nthawi ya dzinja. Kuba kumayamba katoni ikakhala poyera, ndiye ikhale m'chipinda chokiya.

Katoni ikadzaza, mafoni okonzeka ndi ziwalo zabwino zipite kwa amisiri. Zotsalazo funsani ku nthambi yoona zaumoyo ndi ukhondo ku Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu, kapena ku bungwe la MEPA lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo loona zachilengedwe la 2017, kuti akuuzeni amene ali ndi chilolezo chonyamula zinyalala zoopsa. Wogula akabwera mumupemphe aonetse chilolezocho, ndipo muyeze katunduyo pasikelo yanu musanamupatse. Ena amafuna mabodi okha n'kukusiyirani mabatire ndi mapulasitiki, choncho mugwirizane poyamba kuti atenga zonse, ngakhale mtengo utsikeko.

Matchaja ndi zingwe zomwe zikugwira musazisakanize ndi zakufa, perekani kwa amene akuzifuna. Tchaja yothetheka, yosweka kapena yotentha kwambiri idulireni chingwe musanaiike m'thumba kuti wina asadzaitole n'kuilowetsa pamagetsi. Zingwe zili ndi mkuwa womwe ogula zitsulo zakutha amaufuna, koma usendeni ndi mpeni, osati kuotcha. Power bank ndi timahedifoni ta Bluetooth zili ndi mabatire a lithium mkati, ndiye malo ake ndi m'chitini chamchenga, pakabowo kake mutamata tepi.